Loto Limene Dayitoni Analidula Pakati

Pa Likhula paja, kumunsi kwa phiri, panali anthu awiri amene ngakhale mlendo wongotsika basi ankawadziwa lisanalowe dzuwa: wachigayo ndi Dayitoni Mpwatika. Wachigayoyo timusiye, alibe nkhani. Dayitoni anali mmisiri wa ndowa ndi mbaula, ankakhoma malata ake pakhonde la sitolo yakale moyang'anana ndi phiri. Koma musati anatchuka ndi ndowa. Ndowa zake zinkadontha ngati za wina aliyense. Munthuyu ankamasulira maloto.

Sanali wa nsupa ndi zithumwa ayi. Anali munthu wa jekete tsiku Lamulungu, wokhala benchi yachiwiri kutchalitchi. Nzeruyi anaitola kwa malemu mayi ake, amene ankati loto loipa ulinene m'mamawa usanasambe kumaso, chifukwa ukasamba latsalira mwa iwe. Ndiye kukangocha mumapeza anthu pakhondepo, manthongo ali m'maso, akudikira Dayitoni. Iye nyundo ili m'manja, osakweza n'komwe mutu.

"Dzino laguluka? Kazondeni odwala kwanu. Nyama yaiwisi? Nolani makasu, kukubwera maliro. Nsomba? Aaa, mayi, inu kasokeni matewera!"

Anthu n'kumaseka, ena n'kumachoka atagwira pachifuwa. Ndipo zambiri zinkachitikadi, tisamunamizire munthu.

Dayitoniyu anali ndi mlongo mmodzi yekha, Edesi, chitsirizira cha mayi ake. Edesi ankakhala kumtunda, pamalo a makolo, m'mbali mwa kamtsinje ka Nachipere, ndi mwamuna wake Faisoni, munthu wofatsa wogulitsa nthochi panjinga. Zaka zisanu ndi ziwiri ali pabanja, mwana ayi. Anapita kuzipatala, anamwa mizu yowawa, anasala kudya kumapiri, koma kumsana kwa Edesi kunali mbee. Zimenezi muzigwire, chifukwa Dayitoni ankazidziwa bwino kuposa wina aliyense.

Chaka chimenecho mvula inagwa ngati kumwamba kwabooka. Tsiku lachitatu la mvulayo Edesi anatsika m'mamawa, atafunda thumba la feteleza kumutu, kumaso kosasamba.

"Achimwene, ndalota phiri likutsokomola."

Dayitoni anaseka. "Nanga ndi mvula imeneyi lingalephere kugwidwa chimfine? Pita ukawothe moto."

Mawa lake Edesi anabweranso. Ulendo uno sanakhale pansi.

"Labweranso, achimwene, ndipo lapitirira. Phiri litatsokomola, madzi analowa m'nyumba, ofiira ngati thobwa lamawere, akugubuduza miyala. Ndinayang'ana tsidya la mtsinje, ndinaona amayi. Anasenza mtolo wa ziwiya pamutu, atanditembenukira msana, akupita."

Apa nyundo inaima m'malere. Dayitoni ankadziwa. Mayi ake omwewo ali moyo anamuuzapo, osati kamodzi, kuti wakufa akakuonekera atasenza ziwiya n'kukupatsa msana, sakufuna nsembe, sakufuna mowa, akuti samuka pamene ulipo. Anawamva ndi makutu ake awa. Koma anangoti, "Ndiliganizire. Ubwere mawa."

Edesi anabweradi, ndipo anabwera ndi kamtolo ka zovala kukhwapa.

"Achimwene, mtima wanga sukukhazikika. Tiloleni ine ndi alamu anu tigoneko m'chipinda chanu chija masiku awiri atatu, mpaka mvulayi idule."

Chipinda chija! Munali malata atsopano ndi mbaula makumi atatu zodikira tsiku la msika. Kuzitulutsa n'kuziika kuti, pamvula? Kuwonjezera apo mkazi wake Felesita ndi Edesi sankachedwa kukangana akakhala khitchini imodzi. Ndiye panalinso ana a mayi aang'ono amene ankauyang'ana ndi diso munda wakumtundawo, ongodikira kuti pamalopo pasowe munthu. Ndipo anthu a pa Likhula akanati chiyani, kuti womasulira maloto wathawitsa mlongo wake chifukwa cha loto? Zifukwa zinalipo zambiri, koma ine ndikuuzeni mosapsatira: zonsezo kuziika pamodzi sizikanadzaza chikho. Munthuyu anangoona ulesi kusuntha mbaula.

"Lero lapitiriranso," anatero Edesi. "Nditatuluka panja ndinaona..."

"Basi, basi, ndamva," Dayitoni anamudula. Anaika nyundo pansi n'kumwetulira kumwetulira kwa mchimwene wachikondi. "Iwe mwana, ukuopa madalitso? Madzi olowa m'nyumba ndi mimba. Amayiwo asenza ziwiya akupita kukakutengera mwana. Bwerera kwanu, usachoke pamalo pamene akudziwa kuti akupezapo."

Mukanaona nkhope ya Edesi! Anagwira pamimba ndi manja onse awiri.

"Zoona, achimwene?"

"Ndinayamba ndakunamizapo ine?"

Edesi anakwera phiri akuthamanga, mvula ikumukwapula, akuseka yekha ngati wamisala.

Napolo anadutsa m'bandakucha wa tsiku lotsatira. Amene anamumva amati phokoso lake linali ngati magalimoto zana a miyala akutsitsa nthawi imodzi. Kutacha, pamene panali nyumba ya Edesi ndi zina zisanu panali chigwa cha matope ndi miyala ikuluikulu ngati nkhokwe. Faisoni anapulumuka chifukwa cha chimwemwe. Dzulo lake madzulo anali atawoloka Nachipere kukanong'oneza mayi ake nkhani yabwino ija, ndipo pofuna kubwerera anapeza mtsinje wadzaza.

Anthu anakumba masiku asanu ndi anayi. Ena anapezeka, Edesi ayi. Pamapeto adzukulu anachita zimene timachita mtembo ukasowa: anadula thunthu la nthochi, nalikulunga m'nsalu kuti liikidwe m'malo mwake. Ali pakati pokonza, Faisoni anayankhula koyamba chichitikireni ngoziyo.

"Anali ndi pakati."

Amayi achikulire anayang'anana. Mkulu wa adzukulu, a Namulu, anafunsa kuti ndani angachitire umboni, popeza mayi wapakati saikidwa ndi mwana m'mimba, aliyense amagona payekha.

"Achimwene awo akudziwa," anatero Faisoni.

Maso onse kwa Dayitoni. Pamenepo ndiye panali pakhomo potulukira, koma iye anangogwedeza mutu kuvomera. Adzukulu anadula kathunthu kena kakang'ono, kotalika ngati mkono, nakakulunga m'kansalu koyera, nakakumbira kamanda pambali pa mayi ake. Ndipo amene anayamba kuponya dothi, monga mwini mbumba, anali Dayitoni yemweyo.

Kuchokera apo anasiya zomasulira. Akabwera munthu ndi manthongo ake ankangoti mutu ukumuwawa. Anthu anamumvera chisoni, ankati chisoni cha mlongo chamulowa m'mafupa, ndipo chifundo chawocho chinkamuwotcha kuposa chitonzo. Akamuona Faisoni akudutsa patali, ataonda ngati bango, ankalowa m'sitolo kukafuna chinthu chimene sanataye.

Mvula inatha, anthu anakolola zochepa zimene zinatsala, kunja kunauma. Unafika mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Ndi pamene zinayamba.

Poyamba zinali ndowa. Dayitoni ankazivundikira madzulo pakhonde la nyumba yake, koma m'mawa ankapeza imodzi ili chagada, pansi pake pali timadzi tofiira tamatope. Anati ndi ana a pamudzi. Anazilowetsa m'nyumba. M'mawa mwake imodzi inali chagada pabalaza, timadzi tili momwemo, tozizira ngati tam'phiri.

Kenaka nyundo inayamba kusowa. Akaisiya m'thumba la zida, ankaipeza m'chipinda chija cha mbaula, itagonekedwa bwinobwino pakhomo. Chitseko cha chipindacho ankachitseka yekha ndi waya, koma kukacha chinali pululu.

"Bambo a Rute, kodi mukumayenda kutulo?" anafunsa Felesita tsiku lina. "Ndani akumasuntha mbaula zanu? Zonse zaunjikidwa kukhoma, pakati pasesedwa ngati pakufuna kuyalidwa mphasa."

"Makoswe," anatero Dayitoni.

"Makoswe a kwanu amasesa?"

Masana omwewo, Dayitoni ali chikhalire pakhonde la sitolo, anamva kaphokoso m'kati mwa ndowa imene ankakhoma, ngati timiyala tikugundana pansi pa madzi oyenda. Anaika khutu. Zii. Atangochotsa khutu, kanayambanso.

Lachiwiri lina m'mawa panaima munthu wa njinga, dengu la matemba kumbuyo, wochokera kuchigwa cha kunyanja ya Chilwa. Dayitoni anali asanamuonepo. Munthuyo anatsamiritsa njinga, nakhala pansi osapereka ndi moni womwe. Kumaso kunali kosasamba.

"Akuti ndinu mumamasulira."

"Ndinasiya."

"Ndalota phiri likutsokomola," anatero munthuyo, ngati sanamve. "Ine kwathu kulibe phiri, bambo, ndi chigwa chokhachokha. Ndiye ndadzuka mtima uli phaphapha, miyendo yangondibweretsa kuno."

Dayitoni anatola nyundo yake. "Mwadya zambiri usiku. Pitani."

Munthuyo anakwera njinga yake n'kumapita, akucheukacheuka. Pamene anakhala panatsala chinyezi, ndipo sichinaume mpaka masana, ngakhale dzuwa linali lija.

Patapita masiku anayi kunabwera mayi wina wachikulire, wa imvi, atanyamula ketulo yobooka. Ameneyu anapereka moni bwinobwino, nafotokoza kuti ndi mlendo, wabwera kudzaona mdzukulu wake kuchipatala. Dayitoni anapumira m'mwamba, natenga ketulo ija. Ali mkati moyang'ana pobookapo, mayiyo anayamba kuyankhula, mawu atasintha, apansipansi, achitsikana.

"Labweranso, achimwene, ndipo lapitirira."

Ketulo inagwa.

"Madzi analowa m'nyumba, ofiira ngati thobwa lamawere. Amayi ali tsidya, asenza ziwiya. Nditatuluka panja ndinaona..."

"Khalani chete!" Dayitoni anakuwa mpaka wachigayo anasuzumira. "Ndani wakutumani? Ine ndine mchimwene wanu, inu a msinkhu wa mayi anga?"

Mayi uja anaphethira ngati wodzidzimuka kutulo. "Ine ndatani, bambo? Ndangoti ketuloyi ikudontha pansi." Anatola ketulo yake, nachoka akung'ung'udza kuti amisiri a masiku ano alibe ulemu.

Kawiri konse analidula loto lija pamalo omwewo. Koma mlandu suola, anthuni. Tsiku limenelo Dayitoni sanadye. Anayesa kupemphera, zinakanika. Anaganiza zopita kwa abusa, koma akanati chiyani? Kuti pali mzimu ukundivutitsa? Abusa akanafunsa kuti ukufuna chiyani, ndipo yankho lake iye ankalidziwa.

Tambala wachiwiri atalira, kunja kukuyamba kuyera, Dayitoni anadzidzimuka. Felesita sanali pambali pake. Anamupeza m'chipinda cha mbaula, atakhala pansi pamalo osesedwa paja, miyendo atatambasula, msana atawerama ngati munthu wobereka katundu wolemera. Maso anali otsegula koma sankaona kanthu. M'chipindamo munkanunkha dothi lonyowa.

"Felesita?"

"Musandidulenso, achimwene."

Dayitoni anatsamira chitseko. Anakhala pansi pakhomo pomwepo. Ulendo uno sanatsegule pakamwa.

"Nditatuluka panja ndinaona anthu ambiri ali kumanda. Akuti akuika ine, koma ine ndili chiimire pambali, ndanyowa. Ndiye munabwera inu. Munanditembenuza, n'kundiika chinthu kumsana, n'kundimanga nsalu pachifuwa, mfundo yake yolimba. Munati, bereka mwana wako. Ndinakondwa, achimwene. Koma chinthucho n'chozizira. Sichilira, sichiyamwa, ndipo tsiku lililonse chikulemera. Amayi ali tsidya, akupita, ine ndikaponda m'madzi chikundikokera pansi. Mfundoyo ndayesa kumasula, yakana, akuti amasule amene anamanga." Mawuwo anaima pang'ono, kenaka anafunsa mofatsa, mopanda ndi mkwiyo womwe, ngati mmene ankafunsira ali mwana. "Tanthauzo lake n'chiyani, achimwene?"

Kukhala kukalipa, bwenzi zili bwino. Kufatsako ndiko kunamuswa. Dayitoni analira ngati mwana, mamina ndi misozi, mutu uli pachitseko.

"Tanthauzo lake ndi lakuti ndinakunamiza, Edesi. Amayi ankati usamuke. Ndinadziwa. Ndinadziwa, mlongo wanga."

Felesita anapuma mwamphamvu ngati wovuuka m'madzi, nayang'ana uku ndi uku. "Ndikutani muno? Nanga inu mukulira chiyani?"

Dayitoni anamuuza zonse, kuyambira kamtolo ka zovala kaja mpaka kugwedeza mutu kumanda. Felesita anamvetsera atagwira pakamwa. Atatha, anaimirira n'kumenya mbaula imodzi ndi phazi, inakagwera uko.

"Chifukwa cha izi? Zitsulo izi? Ndipo musayerekeze kunditchula ine! Ine ndi Edesi tinkakangana za mchere ndi nkhuni, mawa lake n'kumalukana tsitsi. Mukanandifunsa, ndikanagona pansi ine, iye pabedi." Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Nanga alamu anu aja, mwawaona mmene athera? Munthu akudzitemberera tsiku ndi tsiku kuti anasiya mkazi wapakati yekha, inu muli phee kukhoma ndowa. Pitani. Musasambe, musamwe tiyi, pitani."

Njira yokwera ku Nachipere Dayitoni anali asanaipondenso chiikireni maliro. Anapeza Faisoni pakati pa chigwa cha miyala chija. Anali atamanga kachisakasa ka mapepala apulasitiki m'mphepete, ndipo tsiku lililonse ankakumba, lero apa, mawa apo, khasu litatha mpaka kutsala ngati chikhatho. Ataona mlamu wake anasiya kukumba, namupatsa mwala woti akhalepo.

"Alamu, mwatikumbuka lero."

"Ndabwera ndi mawu."

"Musanayambe, ndiyambe ine," anatero Faisoni. "Ndakhala ndikufuna kubwera kudzakuthokozani, koma miyendo imalemera. Mukudziwa, sabata yonse ija mlongo wanu sankagona. Ankangodzidzimuka, kulira, kugwira khoma ngati likugwa. Koma tsiku limene anachokera kwa inu anafika akuimba. Anaphika, anadya mbale yonse, anandiseka kuti ndiyambe kuphunzira kuchapa matewera. Pamene ndinkawoloka n'kuti akusesa m'nyumba, akuti mlendo asapeze zinyalala. Ndikamadzida kuti ndinamusiya yekha, chimene chimanditonthoza n'chakuti anapita ali wokondwa. Chimenecho munamupatsa ndinu."

Abale anga, pali mawu ena okoma amene amalasa kuposa mkondo. Dayitoni anaona njira yobwererera ili pululu kumbuyo kwake. Akanatha kungoti zikomo alamu, n'kutsika phiri. Koma anamva fungo lija la dothi lonyowa, pamalo pouma gwa, ndipo anadziwa kuti sali awiri okha.

"Alamu, ndinanama."

Faisoni anaika khasu pansi.

"Loto lija silinkanena za mimba. Linkati asamuke. Anabwera ndi zovala kudzapempha malo kwanga, inu ndi iye, ine ndinamubweza. Ndinadziwa chimene chingamubweze mosavuta, ndiye ndinanena chimenecho."

Patali mbuzi inalira. Faisoni anatola kamwala, nakatembenuzatembenuza m'manja.

"Zovala zija anati anapita nazo kwa atelala," anatero pamapeto pake, mawu ali pansi. "Anakubisirani, alamu. Sanafune kuti ndidziwe kuti munamukaniza." Anaponya kamwala kaja pansi. "Ndiye mwanayo?"

"Ndinangopeka."

"Kunalibe?"

"Sindikudziwa. Ndinangopeka, alamu."

Kenaka anamufotokozera za ndowa, za wamatemba, za mayi wa ketulo, ndi zimene zinatuluka pakamwa pa Felesita m'mawa umenewo. Anati Edesi sakuwoloka, wabereka chinthu chimene si chake, ndipo kamanda kaja kayenera kufukulidwa. Koma iye yekha sangakakhudze popanda mwini wake kulola.

Faisoni anaimirira. Dayitoni anaganiza kuti khasu lija limuthera pamutu, ndipo kunena zoona akanalilandira. Koma munthu wofatsa uja anangoyang'ana kuphiri.

"Ndinamupatsa dzina," anatero. "Simunadziwe? Ndimapita kukamulimira udzu pakamanda pake, ndimamuuza za mayi ake. Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala bambo, ine amene anthu ankandiseka kumowa. Munandilanda mkazi ndi bodza, lero mwabwera kudzandilanda mwana ndi zoona. Inu ndinu munthu wotani?"



Faisoni analowa m'kachisakasa kake. Dayitoni anakhala pamwala paja dzuwa lonse, osamwa ndi madzi omwe. Dzuwa litapendeka, Faisoni anatuluka maso ali psuu.

"Mwati akulemedwa?"

"Akuti tsiku lililonse chikulemera."

"Edesi anali ndi msana wovuta," anatero Faisoni, ngati akudziyankhulira yekha. "Ngakhale mtolo wa nkhuni ndinkamulandira panjira." Anatola khasu lake. "Kauzeni a Namulu. Mawa m'mawa."

A Namulu atamva nkhaniyo sanatukwane, sanafunse zambiri. Anangolavula pansi, n'kunena kuti njira ya kumanda akawatsegulira, koma iwo ndi adzukulu awo sakalowa. "Tinakumba ndi mtima woona, ife. Chimene munakwirira ndi bodza mukafukule nokha. Mukachipeza, chiwole chisawole, mukachiponye mumtsinje, madzi a mvula adzachitenge."

Analowa awiriwo dzuwa likungotuluka. Manda a Edesi anali atatitimira pakati, monga amachitira manda a nthochi, thunthu likawola. Koma kamanda kakang'ono kaja kanali chitumbirire ngati kaikidwa dzulo, kopanda ndi udzu umodzi.

"Kumbani ndinu," anatero Faisoni, namupatsa khasu.

Dayitoni anakumba. Pamwamba dothi linali louma, lofumbuka, koma atafika m'mawondo linayamba kunyowa, kenaka matope ofiira okakamira kukhasu. Mbalame zimene zinkalira m'mitengo ya kumandako zinaleka. Anasiya khasu n'kuyamba kufukula ndi manja, mpaka zala zinakhudza nsalu.

Miyezi isanu ndi iwiri pansi, m'matope, thunthu la nthochi limakhala litasanduka madzi, nsalu itadyedwa ndi chiswe. Koma kansalu kaja kanatuluka koyera, kouma, mfundo zake zili chimangire. Ndipo kanali kolemera. Dayitoni anakanyamula ndi manja awiri, ndipo sanafune kuganiza chifukwa chake sikanali kozizira.

"Mfundozo," anatero Faisoni. "Anati amasule amene anamanga."

Dayitoni anamasula yoyamba, namasula yachiwiri. Atangomasula yachitatu, kamphepo kanadutsa pakati pawo kulowera kumtsinje, ndipo kumunsi uko, ku Nachipere amene anali ataphwa chiyambire Ogasiti, kunamveka ngati munthu akuponda m'madzi, kuwoloka pang'onopang'ono, mpaka phokosolo linathera tsidya. Onse awiri anamva. Palibe anayang'ana mnzake.

Dayitoni anafuna kufunyulula nsaluyo kuti aone, koma Faisoni anamugwira dzanja.

"Ayi. Inu mwaona zokwanira."

Anakatenga yekha. Sanakagwire ngati thunthu. Anaika chikhatho chimodzi kunsi, china kumutu, nakagoneka pachifuwa, n'kukafunditsa ndi malaya ake ong'ambikawo. Kenaka anatembenuka n'kuyamba kuyenda, koma osati njira ya kumtsinje.

"Alamu," anaitana Dayitoni ali m'dzenje muja, matope mpaka m'zigongono. "A Namulu anati mumtsinje. Ndi nthochi chabe, alamu. Kunalibe mwana. Ndinangopeka ine."

Faisoni sanacheuke. Anali atayenda mapazi ngati khumi, pakati pa mitumbira, pamene kansalu kaja kanayetsemula. Kamodzi kokha, kakang'ono, ngati kamwana ka masiku awiri kakamva mphepo.

Faisoni anaima. Anakasisita pamsana pang'onopang'ono, nakakokera malaya kumutu.

"Alamu!" Mawu a Dayitoni anatuluka osweka. "Mwamva? Chimenecho n'chiyani? Kodi analidi ndi... kodi ndinabweza anthu awiri?"

Apo ndi pamene Faisoni anatembenuka, namuyang'ana mlamu wake kuchokera pamwamba, nkhope ili youma.

"Womasulira ndinu," anatero. "Masulirani."

Ndipo anapitiriza ulendo wake kukwera phiri, akuyenda mosamala kuti asapunthwe.